Zimene Adokotala Ananena Lachiwiri

Lachiwiri, 5 Novembala 2024

Mvula yozizira tsiku lonse. Nsapato yakumanzere ikulowa madzi.

Andiitana ku wodi ya odwala khansa. Nesi wati pa bedi la pawindo pali Mmalawi, mwina angakondwe kumva chilankhulo chake. Ine miyezi iwiri yokha chiyambireni maphunziro a ubusa wa m'chipatala. Ndimachitabe mantha kugogoda pa zitseko.

Bambo Kapalamula, a ku Tsangano, ku Ntcheu. Mlimi wa kachewere. Anabwera mu Juni kudzaona mwana wawo Lindiwe, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Markham, matenda n'kuwagwirira konkuno. Chiwindi. Maso achikasu, manja akuluakulu. Atamva "muli bwanji bambo" aseka mpaka kutsokomola. Ati, "Abusa aakazi, opanda kolala, nsapato zonyowa. Koma Canada!"

Ndili chiimire, adokotala alowa. Ndimati ndituluke, bambowo ati khalani abusa. Adokotala alankhula pang'onopang'ono m'Chingerezi, Lindiwe ndiye womasulira. Ati mankhwala alephera. Kwatsala masabata, osati miyezi. Ngati bambowa akufuna kubwerera kwawo, akwere ndege sabata ino kapena yamawa, kupitirira apo thupi silidzalola.

Lindiwe watembenukira bambo ake: "Ababa, akuti mankhwalawa amachedwa kugwira. Mupirire, muzidya."

Adokotala afunsa ngati amva zonse. Ayang'ana Lindiwe, kenako ine. Ndavomera ndi mutu.

M'chipinda monsemo omva zilankhulo zonse ziwiri tinali awiri basi.

Lachitatu, 6 Novembala

Lindiwe wandidikira pakhonde, pafupi ndi makina a khofi. Maso otupa. Wandigwira mkono.

"Asisi Selina, inu ndinu Mmalawi, mukudziwa. Munthu wamkulu sumuuza kuti akufa. Ukamuuza, wamupha ndiwe. Please."

Wati amayi ake anamwalira iye ali kuno, mapepala ake okhalira kuno asanatuluke, maliro anawaonera pa foni. Bambo akewa sawalola kuti akathere kutali ndi iye. Kuno ululu akuuletsa, kumudzi akawatembenuza ndani pa bedi? Zonse wanenazi n'zoona. Kwathu ku Thyolo nafenso timatero. Umalowa kwa wodwala, umati muchira, iye n'kuti zikomo. Si bodza lenileni. Ndi bulangeti.

Sindinalonjeze. Sindinakanenso. Umu ndi mmene ndakhalira moyo wanga wonse.

Lachinayi, 7 Novembala

Lachinayi lililonse masana Rabi Naomi amatisonkhanitsa ophunzira m'kachipinda ka pansi, aliyense ndi chakudya chake. Ndi m'busa wa Ayuda pa chipatala chino, mayi wamfupi, woseka mokweza. Amabwera ndi buku lalikulu la Talmud, mikangano ya arabi akale pa Malemba. Amati Ayuda akamawerenga Baibulo sagwada, amakoka mpando n'kuyamba kutsutsana nalo.

Mwezi uno ndi wa aneneri ndi oweruza. Lero Yona. Ine ndinakula ndikudziwa kuti tchimo la Yona n'kuthawa. Arabiwo akuti ayi, dzina la mlandu wake n'kubisa uneneri: munthu wapatsidwa mawu a anthu ena, iye n'kuwasunga m'kamwa. Akuti wotere bwalo la anthu silimupha, chilango chake chimachokera kumwamba. Jason, mnzathu wa Anglikani, wafunsa kuti angamugwire ndani munthu amene sananene kanthu. Naomi wati funso lomwelo arabi anafunsa, ndipo yankho lake n'lakuti aneneri anzake amadziwa.

Mneneri mnzanga ndi Lindiwe, ndipo tagwirizana kukhala chete.

Komanso ndine ndani? Mtsikana wa digiri ziwiri amene sanaikepo maliro a aliyense.

Lamulungu, 10 Novembala

Mapemphero a Amalawi ndi a ku Zambia ku Mississauga. Sitima, basi, basi ina. Ndafika atayamba kale.

Apempherera bambo Kapalamula mwamphamvu. Mayi wina wa ku Chipata: "Azachila, Mulungu ni mukulu!" Amen yemwe anagwedeza mawindo. Titatuluka, pa tebulo la tiyi, a Victor a komiti ya zovuta anandikokera pambali, mawu pansipansi. Akuti ayamba kale kufufuza za kutumiza thupi kumudzi, kuti tsikulo lisadzatidzidzimutse. Andifunsa ngati chipatala chimathandiza pa mapepala.

Ndiye kuti aliyense akudziwa kupatula mwini wake.

Pobwerera basi inadutsa pafupi ndi bwalo la ndege. Ndege ndi yomweyo. Wina amakhala pa mpando wa pawindo, wina pansi pamodzi ndi masutikesi.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndawapeza ali okha, Lindiwe ali kuntchito. Aonda m'masiku ochepa omwewa. Mimba yatupa. Chakudya sanakhudze. Ati supu wa kuno ndi madzi otsukira mbale amene anaphunzira sukulu.

Mphwawo waimba kuti ku Tsangano mvula yagwa. Anandifotokozera za mbewu ya kachewere, mmene amaisungira mumdima kuti imere maso. Za manda a mayi ake a Lindiwe, kuseri kwa tchalitchi, pamtunda pomwe mphepo siitha. "Pambali pake ndinasiya malo. Ndinauza anyamata kuti wina aliyense asayerekeze." Kenako: "Ndikangopeza mphamvu ndinyamuka. Kuno n'kwa eni."

Anandiyang'ana.

"Abusa, inu Chizungu mumachimva. Tsiku lija adokotala analankhula mpaka kutopa, mwana wanga n'kumasulira mawu atatu. Chizungu n'chotayirira chonchi?"

Ndinaseka. Ndinaseka! Ndinati tiyeni tipemphere bambo. Anatseka maso mwaulemu. Ndinapempherera machiritso.



Lachinayi, 14 Novembala

Lero Eli ndi Samueli. Mwana wamva mawu oipa onena za nkhalamba imene yamulera, akuopa kunena. Eli n'kumuuza kuti Mulungu akulange ukandibisira kanthu. Samueli ananena zonse, osasiyako. Koma arabi akuti temberero lija linamugwerabe: ana a Samueli nawonso anadzasochera ngati ana a Eli. Ndinati si chilungamo, mwanayo anamvera. Aka n'koyamba kulankhula m'kalasi muja. Naomi anati inde, si chilungamo. Anati mmene iye amaonera, uthenga wotere umakuwotcha ukaunena, umakuwotchanso ukaubisa, ndipo buku lakelo silinamizira kuti pali njira yotulukira uli bwinobwino.

Anzanga atatuluka ndinamuuza zonse. Za kuvomera ndi mutu. Za pemphero la Lachiwiri.

Sanandikalipire. Bola akanatero. Anavula magalasi, nati, "Selina, sindiwe mneneri, tsiku la imfa yawo sukulidziwa. Koma mawu aja anali a bambowo. Si a Lindiwe, si ako. Adokotala adziwe kuti mawuwo sanafike."

Ndinapempha kuti ndiyambe ndalankhula ndi Lindiwe, asamve kwa azungu kuti ndamupereka. Anati chabwino, koma mawa.

Ndaimba kawiri. Sakuyankha.

Lachisanu, 15 Novembala

Lindiwe wayankha pa meseji: ali pa miting'i, tilankhulana. Ndapita ku wodi, ndapeza bambowo awatengera kokachotsa madzi m'mimba. Abwerako atagona ndi mankhwala. Adokotala aja kulibe mpaka Lolemba. Ndikanatha kuuza amene analipo. Ndinaima pa desiki ya manesi, ndikufunsa za wodwala wina.

Chimene chikundichititsa manyazi: mtima unapepuka.

Lolemba, 18 Novembala

Ndawauza adokotala m'mawa. Nkhope yawo inasintha. Sananene zambiri, anangoti tiyeni pompano. Anaimbira Lindiwe, iye anati akubwera, musayambe. Koma bambowo anali maso, ndipo atationa tonse awiri anadziwa kuti pali nkhani.

Ndinagwada pambali pa bedi. Adokotala anadabwa, koma mawu otere sindikanawanena nditaima. Ndinati, "Bambo, munandifunsa za tsiku lija. Sindinakuyankheni zoona. Mukufuna kumva zonse zimene adokotala ananena, kapena mukufuna Lindiwe azimva m'malo mwanu?"

"Nenani."

Ndinanena. Adokotala chiganizo, ine chiganizo. Mawu akuti imfa ndinawatchula m'Chichewa, kwa munthu wa msinkhu wa bambo anga, ndikumuyang'ana. 

Sanalire. Anafunsa kuti ndege ija ikadalipo? Adokotala anati ayeza magazi ndi mpweya, aone, koma sakulonjeza.

Kenako kwa ine: "Mwamaliza?"

Ndinati eya.

"Tulukani."

Anatembenukira kukhoma. Pakhonde ndinakumana ndi Lindiwe akuthamanga, jekete lili m'manja. Anangondiyang'ana n'kudziwa. "Mwawapha," anatero. Osakweza mawu.

Lachiwiri, 19 Novembala

Sindinapite ku wodi ija. Nesi wati bambowo akana abusa aliwonse.

Naomi wandipeza m'chapelo ndikupukuta mipando yoyera kale. Wakhala pambali panga, wopanda buku. Wandisimbira za Hezekiya ndi Yesaya mmene arabi amaisimbira. Mfumu inkati mneneri abwere kwa ine, mneneri ankati mfumu ibwere kwa ine, mpaka Mulungu anagwetsa mfumuyo m'matenda kuti Yesaya apite ngati wokazonda wodwala. Atafika n'kuiuza kuti ikufa, mfumu inamuthamangitsa: mwana wa Amozi, tsiriza uneneri wako utuluke. Inati kwa makolo ake inaphunzira kuti ngakhale lupanga lili pakhosi munthu asaleke kupempha chifundo. Naomi akuti arabi sanamudzudzule Hezekiya pa mawu amenewo, anawasunga ngati chiphunzitso. Wodwala ali ndi ufulu wopirikitsa mneneri.

Ndinati Hezekiya anawonjezeredwa zaka khumi ndi zisanu. Naomi anati inde.

A Victor aimba. Nkhani yafika kale ku Mississauga. Akuti anthu akudandaula, akuti sukulu isatiiwalitse mwambo. Ndinati zikomo bambo, ndamva. Mwina akunena zoona. Mwina munthuyo anali ndi masabata ake a mtendere, ine ndawalanda kuti chikumbumtima changa chigone.

Chipale chofewa choyamba, chosakhalitsa.

Lachisanu, 22 Novembala

Ndege ayi. Adokotala anawauza Lachitatu, kudzera mwa womasulira wa pa foni. Mpweya sukukwana, sangathe ngakhale kukhala tsonga nthawi yaitali.

Lero masana nesi wati bedi la pawindo likufuna abusa a nsapato zonyowa.

Lindiwe anali pa mpando wa pakona. Sanandipatse moni. Bambowo ali ndi timapaipi m'mphuno, mawu atsika. Ati, "Mwana wangayu akangogwira foni akulira. Gwirani ndinu. Pakamwa panu mpolimba, taona."

Ndinagwira foni pafupi ndi milomo yawo, chala pa batani lojambulira mawu. Anayamba. Kwa mphwawo: dimba la kumtsinje ligawidwe pawiri, mbewu ya m'nyumba yaing'ono isagulitsidwe. Kwa mlongo wawo: ng'ombe yamawanga ndi yake, asamvere za anthu. Kwa abusa a kwawo: nyimbo yoti adzaimbe, ndipo anaiyamba okha mzere woyamba, mpweya n'kuwathera. Kwa mkulu wina amene sanalankhulane naye chiyambire mkangano wa malire: "Zatha, achimwene. Limani mpaka pa mtengo paja." Uthenga uliwonse ukapita, amapuma, n'kuti wina.

Womaliza anati usatumizidwe kutali, ndi wa munthu ali m'chipinda momwemo. "Lindiwe, mama. Sunalakwe. Unkafuna bambo ako. Koma undiperekeze, ukandiike pambali pa amayi ako, uone ndi maso ako ulendo uno." Lindiwe anadzuka, nakaika nkhope pa mapazi awo.

Ndinaika foni pa kabati kuti ndizituluka. Anandigwira chala.

Ndimaganiza kuti anena za Lolemba, kuti ndinawalasa. Ndinali nditakonzeka kupepesa chifukwa cholankhula.

Ati, "Abusa, tsiku lija ndinakufunsani ndili ndi mphamvu zokwera masitepe a ndege. Mukanandiyankha, bwenzi pano ndikumva fungo la mvula."

Analibe mkwiyo. Amangondiuza, mmene ine ndinawauzira.

Ndinati ndamva, bambo.

"Mubwere mawa. Alipo ena awiri amene ndaiwala."

Mawa ndi Loweruka, si tsiku langa la ntchito. Ndikwera sitima yoyamba.