Thanki ya Nsomba Pamalo pa Kabati Yanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ife kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ndi ukali. Chimanga chachita bwino, makamaka munda wanu wa kuchulu uja. Nkhokwe yadzaza, china taika m'matumba. Mtedza wokha ndiwo watinamiza, masamba mbwee koma pansi makoko opanda kanthu. Mng'ono wanga Agnesi wabereka mwana wamkazi ku Kabudula, ndipo tamutcha dzina lanu. Akakwinya nkhope ndi inu ndendende, mpaka ndimaopa kumunyamula ndisanatsuke mbale. Mlongo wanu, malume a Yohane, mwendo ukuwavutabe, koma pakamwa pokha ali bwino zedi.

Tsopano khalani pansi, Amayi, chifukwa ndasuntha kabati yanu. Musayambe kukalipa, imvani kaye.

Mukudziwa kuti bambo a Tadala, amuna anga, anakhala zaka zambiri ku Joni. Pamaliro panu anafika tikuchokera kumanda, ndipo chibwerereni sanapitenso. Koma mtima wanga sunakhale pansi. Chikwama chawo chachikulu chamizeremizere chija chinali kuseri kwa chitseko, chopakirapakira. Ndikamasesa ndinkachiyang'ana ngati mkazi mnzanga. Mawu anu aja ankandibwerera: "Mwanawe, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka." Ndinkakwiya mukamatero, komatu ndinkaopa kuti mukunena zoona.

Kumeneko ntchito yawo inali yosamala nsomba kunyumba kwa bwana wina, nsomba zosungira m'magalasi, zongoonera basi. Ndiye tsiku lina tikusola chimanga anandiuza kuti akufuna kumanga thanki yotere m'nyumba muno, yaikulu, ndi ndalama zimene anasunga kumeneko. Akuti anthu a m'tauni akamadzaiona adzawaitana kukawamangira zawo ndi kumawasamalira. Ine ndinaseka mpaka chitsononkho chinandigwa m'manja.

Nsombazo anandionetsa pafoni. Ina amaitcha arowana, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu, mamba akuluakulu onyezimira, ndi tindevu tiwiri kukamwa. Imayenda pamwamba pa madzi modzimva, ngati mmene ankayendera amayi a tcheyamani aja polowa m'tchalitchi. Inayo ndi sitingire, koma ine ndimangoti nsomba ya lichero, chifukwa ndi yaphwatalala, yozungulira, ya mawangamawanga. Imakhala pansi n'kumadzikwirira mumchenga, ndipo kumchira ili ndi munga wa ululu. Za mungawo ndaneneratu kuti Tadala, ndi manja ake osakhazikika aja, asadzayerekeze.

Amayi, kukonzekera kwake ngati tikudikira mkwatibwi! Akuti thankiyo ikhale yotalika kuposa bedi, ndiponso yotambalala, poti ya licheroyo imafuna bwalo osati kuya. Pamwamba pakhale chivindikiro cholemera, chifukwa arowana imadumpha. Akuti ya bwana wawo ina anaipeza m'mawa ili gone pa kapeti. Madzi azikhala ofunda nthawi zonse, ndiye ndi chisanu cha kwathu kuno pafunika chotenthetsera, komanso pampu yosefa madzi usana ndi usiku. Poti magetsi ndi awa mukuwadziwawa, aika kale sola padenga ndi mabatire. Ine ndapindulirapo, ndikusoka madzulo popanda koloboyi. Nsombazo sizinabwere ayi, ndipo sizibwera msanga. Pali zilolezo zoti atenge, ndipo akuti madzi ayambe azungulira kwa milungu ingapo muli timatemba ta kudambo, kuti tione ngati ali bwino.

Vuto linali malo. Madzi ochuluka chonchi ndi olemera, sangakhale pa tebulo. Pafunika kuswa simenti ya pansi n'kuthira konkire yolimba, ndipo khoma lokhalo losawombedwa ndi dzuwa ndi lija munaimikapo kabati yanu ya mbale za alendo. Ine ndinati ayi, pamenepo pokha ayi. Iwo sanalimbane nane. Anati nyumba ino ndi ya kwanu, ine ndine wobwera, sindingaswe pansi popanda mwini mbumba.

Loweruka lotsatira anavala jekete, natenga tambala wathu wofiira, ulendo kwa malume a Yohane. Ine ndinatsatira pambuyo. Anakhala pansi penipeni, chipewa m'manja, monga tsiku lija anadzandifunsira. Malume anamvetsera zonse, nayang'ana foni nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti nsomba imeneyi ikakula imakwana anthu angati. Atamva kuti sidyedwa, anagwira pakamwa. Anati chibadwire sanaonepo munthu akuwothetsa moto ndiwo, n'kumazikumbiranso nyongolotsi.

Pamenepo ine zinandikwana, ndipo ndinafunsa chimene chinkandidya mumtima. Ndinati, "Zonsezi ndamva. Nanga tsiku lomwe mudzanyamuke kubwerera ku Joni, adzazisamala ndani? Ine ndisatsale ndi mwana, munda, ndi nsomba zolumanso."

Bambo a Tadala anandiyang'ana ngati ndalankhula zachilendo. "Mayi a Tadala, nsomba imeneyi saisiyira munthu wina ngakhale sabata imodzi. Ndipo imakhala zaka zambiri, mwina Tadala adzakwatiwa ikadalipo. Ndiye akupita ku Joniyo ndani?"

Amayi, ndinalira pamaso pa malume, osachita manyazi n'komwe. Malume anangoyang'ana kumbali n'kumakanda mwendo wawo wodwalawo. Kenako anati mkamwini wothira konkire m'nyumba ya apongozi ake ndiye kuti wafika, kaswenitu. Tambala uja anamulandira, ndipo sanachedwe naye.

Kabati tinainyamula anthu anayi, mbale ndinatulutsa ndekha imodziimodzi, palibe yomwe yasweka. Ili kuchipinda kwanga tsopano, moyang'anana ndi bedi, ndiye ndikadzuka ndimayamba kuona inu. Kuseri kwake tinapezako kolona yanu yakuda ija munaisowa mpaka kunamizira mbuzi. Ndikupempherera imeneyo.

Konkire yauma, ndipo Tadala anadindapo phazi isanaume, bambo ake n'kungosiya dala. Dzulo bambo akewo anapita kudambo kukatapa mchenga, poti ya licheroyo mimba yake ndi yofewa, imafuna mchenga wosalala wosefa bwino. Sefa yanu ya ufa ndinaibisa msanga, musadandaule. Koma mukudziwa chomwe ananyamulira mchengawo? Chikwama chija, Amayi. Zovala anakhuthulira pabedi nati ndizipezere malo. Pobwera chinali chitang'ambika pansi, zipi itaduka, mchenga ukutayikira m'njira monse. Sichingafikenso ngakhale pa Nsaru pafupi pompa.

Munanena zoona kuti ndi mlamba, sindikutsutsani. Koma mlamba wanu uja wadzikumbira yekha dziwe, pabalaza panu pomwe.

Tsiku lomwe nsombazo zidzalowe m'madzi ndidzatulutsa mbale zanu zamaluwa zija, tidzadyeremo tonse, ndi malume omwe. Ndikulonjeza kuti sindidzalola mwana aliyense kuzitsuka, ndidzatsuka ndekha monga munkafunira. Mupereke moni kwa abambo, muwauze kuti mpongozi wawo wakhala.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Esinati