Nyumba Sitigulitsa

Lachinayi, Kalingalinga. Lero mtima wanga uli mʼmalo.

Amake Tisa, anzanga a pano, ndiwo anayamba kundiuza za ana a ku yunivesite amene akufufuza mmene olemera akugulira nyumba mʼkomboni mwathu muno. Akuti makaseti awo anagulidwa ndi mphatso za anthu akufuna kwabwino. Dzulo atabwera kudzandijambula mawu, ndinawathera makaseti onse, ine pakamwa sipatopa! Ndinatchula anansi anga mmodzimmodzi, amene anagulitsa nʼkusamukira kutali, pamalo pawo pali mipanda italiitali.

Ana a ku yunivesite aja atatsegula kaseti kuti timve, Yohane mwana wanga, amene wakhala akundikakamiza kugulitsa nyumba, anamvetsera maina onsewo mpaka kumapeto.

Mmawa uno munthu wofuna kugula nyumba yathu wabwera pa galimoto. Yohane watuluka yekha: “Ba bwana, bamayi sibayenda kulikonse. Nyumba sitigulitsa.”

Ndavina pakhomo, bondo langa lowawa ndaliiwala.