Malata Anu Akadali Kuseri kwa Nyumba

14 Novembala

Okondedwa bambo a mapasa,

Amene akulemba kalatayi ndi mlongo wanu, koma mawu onse ndi anga, ine mayi wanu. Ndamuuza kuti alembe chilichonse chotuluka pakamwa panga, asachotse, asakometse. Akamaliza ndikawapatsa aphunzitsi andiwerengere, ndimve ngati wandibera mawu. Akuseka. Seka, koma dzanja liziyenda.

Muli bwanji kumeneko? Apongozi anga ali bwanji, nanga ana? Ife kuno tadzuka. Mudabwa kuti kalata ya chiyani foni ilipo. Foni ija mukaimba mumangoti, "Amayi muli bwanji, mwadya, chabwino ndili pantchito." Ine ndikamati nditsegule pakamwa, mwadula kale. Ndiye lero khalani pansi mumve mpaka ndimalize.

Ndinakunamizani, mwana wanga. Malata aja munatumiza chaka chatha sanakwere padenga. Ali kuseri kwa nyumba monga anatsikira m'galimoto, tinawafunditsa mphasa zakutha. Chithunzi chija tinakutumizirani, ine nditaima pakhomo malata akuwala pamwamba, ndi nyumba ya aphunzitsi. Anajambula ndi mlongo wanu yemweyu. Akuti ndisamutchule. Lemba, unalipo. Inu munaimba foni mukuti, "Amayi, nyumba yakongola!" Ine ndinati eya yakongola. Koma mumtima ndinati, mwana wobadwira m'nyumba muno, osazindikira kuti chitseko si chathu? Zimenezo tikambirana tsiku lina.

Chimene chatsekereza malata anu ndi ntchito ya alendo ija. Inayamba bwino, sindinama. Kunabwera anthu a bungwe, akuti mudzi wathu uli pamalo okongola, phiri lija ndi mathithi aja, anthu akutali akhoza kumabwera kudzaona, ife eniake n'kumawalandira, phindu n'kukhala la mudzi. Tinapanga gulu, tinasankha komiti. Wapampando ndi mnzanu uja ankakonza njinga pamphambano. Masiku ano timawatcha a Polojekiti, chifukwa sangapereke ngakhale moni osatchula polojekiti. Mlembi wa komitiyo ndi mlongo wanuyu, ndiye muziona mmene cholembera chikumulemera lero.

Zabwino zilipo, asandinamizire munthu kuti ndimadana nazo. Mjigo uli pafupi tsopano, sinditsikanso kumtsinje ndi mawondo angawa. Azimayi akuphikira alendo, akugulitsa madengu. Amuna amene ankangokhala pa golosale akuperekeza anthu kuphiri, avala malaya ofanana. Ndipo amene anayamba kuimika dzanja pamsonkhano ndine. Anati alendo amafuna kuona nyumba yachikale, ndiye nyumba yaudzu yotsala m'mudzi muno ndi yanga yokha, ena onse anakhoma malata kalekale. Ndinanyada. Ndinati abwere adzaone mmene malemu atate anu ankafolerera, udzu wake wothina ngati tsitsi loluka. Walira mvula walira matope, ndaziona ine.

Alendo amabwera Lachinayi ndi Loweruka. M'mawa mwake mlongo wanu amalowa ndi pepala lake, kuwerenga zobisa. Wailesi ichoke. Ndowa yapulasitiki ichoke. Magalasi anga ndivule, patapata ndivule. Chithunzi cha atate anu, chija anavala jekete ali pampando wa mwini kamera, nachonso chitsike pakhoma, akuti makolo athu analibe zithunzi zapagalasi. Ndinawafunsa akomiti kuti makolo ake ati? Kholo m'mudzi muno ndine, ndipo wailesi ndili nayo! Anangoseka. Ndiye ndimakhala pakhonde, maso osaona bwino, kusinja madeya omwewomwewo mumtondo, pamene chigayo chili apa. Mwini chigayo amamutumizira uthenga kuti azimitse kaye, phokoso lisalowe m'mafoni a alendo. Madeya aja atopa nane, ine ndatopa nawo.

Tsiku limene malata anafika, galimoto isanatembenuke n'komwe, a Polojekiti anali atafika kale, thukuta lili kamukamu.

"Agogo, mukakhoma izi mwapha polojekiti."

Ine ndinati, "Nanga mvula ikandipha ine?"

"Tifolera, agogo, ndi udzu watsopano, tonse pamodzi. Mutu umodzi susenza denga."

Ndinavomera. Mwana amene ndinamuona akukwawa akandigwadira, nditani? Koma udzuwo uchokera kuti? Dambo lija atate anu ankamweta udzu, komiti yomweyo inalizinga ndi waya, n'kuikapo chikwangwani. Akuti mumaswana mbalame zina zake zimene alendo amazithamangira ndi magalasi aatali. Womwetamo udzu ali ndi mlandu. Ndiye onani: malata ayi, chifukwa cha alendo. Udzu ayi, chifukwa cha alendo. Mbalame ili ndi pogona pouma, ine mayi wanu ndilibe. Anabweretsa pulasitiki wakuda n'kuyala pamwamba, sabata isanathe anadzachotsa, akuti akuoneka m'zithunzi. Ndipo ngakhale udzu utapezeka, afolere ndani? Odziwa ntchitoyo anatsatana ndi atate anu. Otsalawa amadziwa kumwetulira ndi kunyamula zikwama.

Dzinja lathali ndinalimaliza ndi mabeseni. Bedi ndinkalikoka, lero pakona iyi, mawa pakona iyo, kuthawa madontho. Chifuwa chija munamva pafoni, ndinati ndi fumbi. Silinali fumbi. Ndikapita kumsonkhano amati, "Nkhani ya denga la agogo tiiona msonkhano wamawa." Mlongo wanu ali ndi buku lonse lodzaza ndi denga langa. Buku limenelo akanaliyala pamwamba mwina likanatchinga.

Tsopano mumve za Lachinayi lapitali. Kunacha bwinobwino, dzuwa lili phwee. Ndinabisa zinthu zanga monga mwa masiku onse. Wailesi ndi chithunzi ndimaziika pamwamba pa khoma, pamene udzu umakumana ndi chipupa, poti mlendo sayang'ana. Masana alendo anafika, basi yodzaza. Ndili mkati mosinja, kumwamba kunangoda bii, mphepo, kenako mvula ya chizimalupsa ija, yosagogoda. Tonse tinathawira m'nyumba. Denga linayamba kuthonya ngati sefa. Ine kuthamanga ndi miphika, chifukwa mabeseni apulasitiki anali atabisidwa kwa mlongo wanu. Ndipo alendo aja, mwana wanga, anasangalala! Kuomba m'manja! Mayi wina wachipewa chachikulu anagwada pansi, kuika foni pafupi ndi mphika kuti atenge kulira kwa madontho. A Polojekiti akumasulira, mano onse pamtunda: "Akuti ndi nyimbo yokoma, agogo. Akuti muli ndi mwayi wokhala pafupi ndi chilengedwe." Ndinati auzeni tisinthane, iwo atsale ndi nyimboyo, ine ndikwere basi. Sanamasulire.

Mayi ujanso sindimuda. Pochoka anandigwira dzanja, anaona kuti ndikunjenjemera, anavula juzi yake n'kundiveka. Sankadziwa. Anamuuza kuti ndimakonda kukhala chonchi.

Atapita ndinakwera pampando kuti nditsitse zinthu zanga. Wailesi inamwa madzi, imeneyo ilibe kanthu. Koma chithunzi. Madzi analowa kuseri kwa galasi, pepala linamatirira. Ndinavala magalasi, ndinatuluka nacho panja powala. Jekete ilipo. Mpando ulipo. Manja awo ali pamawondo, alipo. Nkhope palibe. Pangotsala banga loyera ngati wina anapukuta ndi chala.

Chinali chimodzi chokhacho, mukudziwa. Ine nkhope yanga ili m'mafoni a anthu amene sadziwa ngakhale dzina langa, yapita m'maiko amene sindidzawapondamo. Mwini nyumba, amene anadula mitengo yake n'kuifolera ndi manja ake, nkhope yake yatsukidwa ndi denga lake lomwe, chifukwa ine mkazi wake ndinamubisa ngati chinthu chochititsa manyazi. Mlongo wanu waleka kulemba. Pukuta m'maso, iwe, udonthezera pakalata, madzi atikwana kale.

Lachisanu m'mawa ndinatenga ngowe ija timathyolera zipatso, ndinamangirira khasu laling'ono kunsonga, n'kuyamba kusasula denga. Musafunse mphamvu ndinazitenga kuti. Udzu wake unali utaola, umangobwera wokha, wakuda, wonunkha, ndi mphemvu zomwe. Pofika dzuwa pamutu mbali ya kuchipinda inali itayera, phaso lili poyera ngati nthiti za ng'ombe yowonda. Anthu anadzaza pabwalo. A Polojekiti anabwera akuthamanga, nsapato imodzi yosamanga.

"Agogo! Agogo, mwapenga? Ichi ndi chuma cha mudzi!"

Ndinati, "Chuma cha mudzi chimatsokomola usiku? Bwera udzagonemo iwe, chuma chako."

"Mawa kukubwera alendo, tiwaonetsa chiyani?"

"Aonetseni nyumba yako. Ili ndi malata, ili ndi sola. Uwauze kuti umu ndi mmene timakhalira tikapeza bwino."

Azimayi ena anaseka mpaka kukhala pansi. Koma ena sanaseke. Mayi a kumpoto kwa mjigo, amene amagulitsa madengu, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Anzathu, alendo akasiya kubwera ana athu adya chiyani? Inu muli ndi mwana kutauni." Mawu amenewo anandilasa, chifukwa sananame. Ndinaika ngowe pansi.

Loweruka alendo anawadutsitsa njira ya kuseri, anawauza kuti agogo akudwala. Lamulungu masana komiti inakhala. Anagwirizana zanzeru kwambiri: malata akhomedwe, koma pamwamba pake ayalepo udzu kuti asaoneke. Ndinati chabwino, khomani lero. Akuti ayi, udzu ukufunika chilolezo chomweta kudambo, ndipo chilolezocho asainire ndi bwana wa bungwe, amene abwera mwezi wamawa. Ndinati khomani malata okha, udzu uzibwera pambuyo. Akuti malata akakhala osavala, mlendo akajambula, mbiri ya mudzi yaonongeka. Ndinapita ndekha kwa akalipentala. Anandipatsa mpando, anandipatsa madzi, n'kundiuza kuti, "Mayi, ine ndi amene ndikumanga zimbudzi za alendo. Ndikakwera padenga lanu popanda kalata ya komiti, ntchito yandithera." Ndinawamvetsa. Aliyense ali ndi pakamwa poti adyetse. Mitu khumi ndi iwiri m'komiti muja, yonse yaulemu, yonse yonditcha agogo, koma denga limodzi lawakanika kusenza.

Ndiye pano ndikulankhula, theka la nyumba lili ndi udzu woola, theka lina ndikuona mitambo. Bedi ndalikokera pabalaza. Mlongo wanu akuti ndisamukire kwake. Ndakana. Ndikangotuluka m'nyumba muno aikamo chikwangwani, isanduka yoonetsa basi, ine ndizibwera Lachinayi ndi Loweruka kudzasinja ngati waganyu pakhomo panga pomwe.

Ndalama musatumize, sizikwera makwerero. Mukatumiza munthu, amubweza pamphambano ndi mawu okoma. Koma mwana wa mwini nyumba akakwera padenga la atate ake, palibe komiti imene ingamutsitse. Nyundo ya atate anu ija munatenga pamaliro, munati mukufuna chokumbukira, ndikhulupirira mukadali nayo. Bwerani nayo. Misomali ilipo, ili m'chitini pansi pa bedi, ndimaipaka mafuta kuti isachite dzimbiri. Udzu wapamwamba akadzaupeza adzayale, sindikana, alendo azibwerabe, madeya ndizisinja. Ine ndikungofuna kugona pouma. Mitambo ikusonkhana tsiku ndi tsiku mbali ya kuphiri, ndipo mukudziwa kuti ikayamba mvula ya kumapeto kwa mwezi uno sikata.

Mupereke moni kwa apongozi anga, muwauze kuti nsalu ija ndimafunda. Mapasa muwauze kuti agogo awo ali ndi nyumba ya zenera lalikulu kumwamba, ndege zimaoneka ali chigonere. Ndinawasiya akuyamwa, pano ndikumva akuwerenga. Akadzandiona mwina adzafuna kundijambula nawonso. Mlongo wanu akupereka moni, akuti mumukhululukire za chithunzi cha kwa aphunzitsi. Mukhululukireni, ndinamutuma ndine. Aphunzitsi akuti moni. Ngakhale a Polojekiti, atamva kuti ndikulemba, akuti moni kwa mnzawo, ndipo akuti mukabwera mudzaone polojekiti.

Chinanso chimodzi, ndipo apa ndisiya za ulemu, ndinakubala ndine. Iwe, anthu onse amati unatenga atate ako, chipumi, makutu, ndi kaimidwe komwe. Chiyambire Lachinayi ndikatseka maso kuti ndiwaone, ndikungoona jekete. Zaka zinayi zakwana usanaponde pano. Bwera udzaime pakhomo masana, ine nditavala magalasi anga, ndikuyang'ane bwinobwino. Malata udzakhoma pambuyo.

Ndatopa, chifuwa chayambanso. Mlongo wako apinde pepalali, ine ndikagone pang'ono kusanagwe mvula.

Ndine mayi wako.