Mizere Itatu pa Kabokosi Kanga

Ndirande, Blantyre

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Mbungoko. Bondo lija lasiya kukuvutani? Ine kuno ndili bwino, ndanenepanso, moti Amayi akadzandiona adzaseka.

Atate, kachipangizo kaja katheka! Ndikunena kaja ndinkakajambula papepala pa Khirisimasi, inu n'kumati mwana wanu anapita kutauni kukasewera ndi mawaya. Ndi kabokosi kochepa ngati ka machesi, m'kati mwake muli kaubongo ka magetsi. Ukakauza kuti kayatse babu kapena pampu nthawi yakutiyakuti, kamamvera. Kumbuyo kuli kogwirira, umangokakanikiza pa kanjanji kachitsulo kaja ka m'bokosi la magetsi, osafuna sikuluwu. Anzanga a kukalabu yathu, amene timakumana Loweruka kupanga tinthu ta magetsi, akhala akukadikira.

Koma amene munandichititsa manyazi ndinu. Poyeza kogwirirako ndinasiya kampata, monga munkandiphunzitsira pokhoma matabwa a boti, kuti thabwa likamwa madzi limafufuma. Dzanja linangochita lokha. Tsiku loonetsa anzanga, kabokosi kanapulumuka pa njanji n'kugwera m'kapu ya tiyi ya a Oswald, wapampando wathu. Iwo anakavuula n'kundifunsa ngati ku Likoma pulasitiki nayenso amafufuma. Anthu anaseka mpaka misozi. Nanenso ndinaseka, koma kunena zoona mtima unandiwawa.

Ndinayezanso, n'kuyezanso. Kachitatu kanagwira nganganga, a Oswald anakakoka ndi manja awiri koma sikanachoke. Ndinavina, Atate, pamaso pa anthu! Tsopano kalabu ikufuna tipange tambiri, ndipo kumapeto kwa mwezi uno ndiyenera kupereka chojambula chomaliza kwa opanga.

Pempho langa ndi limodzi. Boti mukalimaliza mumalisiya pamadzi masiku atatu, likapanda kulowa madzi m'pamene mumatema mizere yanu itatu kutsogolo kwake. Achimwene a Raymond munawalola kutema yawo chaka chatha. Ine ndinachoka ndisanamalize boti ndi limodzi lomwe, ndipo ndikudziwa kuti zinakupwetekani ngakhale simunanene. Ndikufuna mizere imeneyo ikhale pa tibokosi tanga tonse, koma sindingaiike mwakuba.

Ndatumiza kamodzi ndi a Alberto, aja a ku Cobue kutsidya ku Mozambiki ogulitsa nsalu, akwera sitima ya pamadzi ikubwerayi. Achimwene akalumikize ku sola ya kunyumba kuti kaziyatsa babu la pakhonde, ndawalembera kachitidwe kake. Mukayese masiku anu atatu. Kakalephera mundiuze mosapsatira, monga mwa chizolowezi chanu. Chonde musakaviike m'nyanja, tiyi wa a Oswald uja anakwana.

Mundiperekere moni kwa Amayi, achimwene ndi alamu anga, azakhali a ku Yofu ndi onse a kwaya. Ndakusowani kwambiri.

Pakona pa kabokosiko muona malo osalembedwa kanthu. A Oswald amati ndiikepo dzina langa, ine ndakana. Mukakhutira nako musavutike ndi kulemba kalata. Mungotemapo ndi mpeni wanu uja, n'kuwapatsa a Alberto pobwerera. Ndikawalandira ndekha kudepoti.

Ndine mwana wanu,
Frances