Kalaputopu Kozima Kokha

14 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, ndiponso kuti msana uja wasiya kukuvutani pa ntchito. Kuno tilipo. Gulugufe wanu watalika, madiresi aja munatumiza akumulekeza pamwamba pa maondo.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mawu amandithawa, inu mukudziwa. Uthenga wanu ndinaulandira, woti kumapeto kwa mwezi apongozi anu adzabwera kudzatenga mwana chifukwa ine ndikumadula dala mukafuna kulankhula naye. Ndinauwerenga katatu. Sindikukana, mwana ndi wanu. Ndingopempha kuti muwerenge kaye mpaka pansi.

Kalaputopu kaja munatisiyira kuti muzionana ndi mwana kanayamba kuzima kokha mwezi wa Malichi. Sikachenjeza. Inu muli pakati polankhula, basi bii, mdima. Poyamba ndinaganiza kuti ndi magetsi, ndiye ndinasintha soketi. Kanazimabe. Aphunzitsi a khomo loyandikana nafe anandibwereka tchaja yawo, koma sizinathandize. Anati mwina batire yatha. Ine ndinayamba kulemba m'kope tsiku lililonse limene kazima, ndi mphindi zimene kanagwira ntchito, kuti ndisadzasokoneze pofotokoza.

Lachiwiri ndinapempha nthawi kwa abwana kutelala kuja, n'kupita nako kwa amisiri okonza mafoni ndi makompyuta, aja a pansi pa masitepe a sitolo ya nsapato. Anayesa batire, ili bwino. Anayesa tchaja, ili bwino. Kenaka anandifunsa kuti, "Mumakaika pati mukamagwiritsa ntchito?"

Ndinati, "Pabedi, bambo, pa pilo. Ndinakasokeranso kansalu kokhuthala ka pansi kuti kasakandike."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mwakafunditsa ngati khanda la masiku atatu! Chemwali, inuyo atakutsekani mphuno ndi pilo mungaimbe nyimbo zingati?"

Anakatembenuza n'kundionetsa timabowo ta pansi timene kamapumira. Ine ndinkayesa ndi tokongoletsa. Atatsegula m'kati munali kafani kakang'ono, kodzaza fumbi ndi ulusi wa bulangete lathu lofiira lija. Anati kakatentha kwambiri kamadzizimitsa kokha kuti kasapse. Anapukuta ndi kaburashi, anatseka, n'kukayatsa patebulo. Panatha ola ndi theka osazima. Choncho kasanu ndi kamodzi konse kamene kanazima kokha sindinadule ine, Achemwali. Ndinkangosamala katundu wanu mopanda nzeru.

Ndikanatha kulekera pomwepa, koma kalatayi ikanakhala yabodza.

Amisiri aja anatenga kope langa n'kuyendetsa chala pa mizere. "Apa mphindi makumi awiri, apa makumi awiri ndi zisanu, zonse zikugwirizana ndi kutentha. Koma Lamlungu lapitali mwalemba zitatu. Makina ozizira sazima pa mphindi zitatu. Mwina pali vuto lina, nditsegulenso."

Ndinati, "Musavutike, bambo. Limenelo ndikulidziwa."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kundibwezera kope langa.

Lamlungu lija mutangoonekera, ndinaitana Gulugufe kuchokera panja. Anabwera, anandikoka diresi, n'kunena kuti, "Amayi, anti a m'kompyuta aja abweranso? Ine sindikufuna." Inu munali mukukonza zomvera za m'makutu, ndiye sindidziwa ngati munamva. Ndinaona kuti akufuna kubwereza mokweza. Chala changa chinapita pa batani, ndipo ndinakanikiza mpaka kanazima. Mutaimba pa foni ndinakuuzani kuti kazimanso kokha. Ndinanama. Ndinaopa nkhope yanu mutamva mawu amenewo, inu amene mukugwira ntchito Loweruka ndi lomwe chifukwa cha iyeyu.

Sindinamuphunzitse zimenezo, Mulungu akudziwa. Munachoka ali ndi chaka ndi miyezi isanu, lero ali ndi zaka zinayi. Kale kakazima ankalira n'kumenya galasi ndi kachikhatho kake kuti mubwerere. Kenaka anasiya kulira. Ndikamuuza kuti amayi ako ndi awo, ine ndine amayi aang'ono, amayankha kuti, "Iwo aja amangozimazima." Ndipo pali china chimene ndikuchita nacho manyazi koposa. Akanditchula kuti amayi, mtima wanga umakondwa. Ndimamukonza pakamwa, koma mtima umakondwa.

Tsopano kalaputopu kali patebulo, pa timatabwa tiwiri kuti mphepo izipita pansi. Kansalu kaja ndakasandutsa chopukutira mbale. Ndikupemphani muimbe Lamlungu nthawi yomwe ija. Ndidzamukhazika pampando, ine ndidzakhala pakhonde. Chilichonse chimene adzanene mudzamva nokha. Mukamva, chonde musadule. Muloleni atope, atuluke, abwerere akupezeni mukadali pomwepo.

Mukaona kuti ndi bwino apitebe kwa apongozi anu, zovala zake ndachapa kale ndipo ndazipinda m'chikwama chobiriwira. Muwauze kuti sagona popanda kumusisita kumsana, komanso mkaka wozizira umamutsegula m'mimba. Kalaputopu ndidzawapatsa, pamodzi ndi timatabwa take.

Aphunzitsi akuti moni. Kuseri kwa pepalali kuli dzanja la Gulugufe, ndinalizungulira ndi bolopeni, chala chaching'ono chapindika chifukwa ankaseka. Ndinamufunsa kuti dzanjali likupita kwa ndani. Yankho lake sindilemba pano, mudzamufunse nokha Lamlungu.

Ndine mng'ono wanu,
amene munamusiyira mwana.