Mathero Awiri a Nyimbo ya Amayi

Bergen, 3 Novembala

Okondedwa Amalume Eivind,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tromsø. Kuno mvula siikukata.

Nyimbo ndinalonjeza amayi ija yandizunza. Miyezi itatu ndakhala ndi mathero awiri, achimwemwe ndi achisoni, osadziwa oti nditenge. Dzulo kuchipatala ndinawalizira onse awiri pa vayolini. Anatsinzina n'kunena kuti, "Sigrun mwanawe, sankha wekha. Ine sindingakudikire mpaka Khirisimasi."

Ndinatuluka ndikulira, n'kung'amba pepala la mathero achisoniwo. Nyimbo yatha tsopano, koma imafunikanso piyano, ndipo mlongo wanu akuti woimba mukhale inuyo basi.

Adokotala anandiitanira pambali. Zimene ananena sindingathe kulemba. Chonde amalume, ndagwira mwendo, musadikire Loweruka monga munakonzera. Kwerani ndege ya mawa.

Ine mwana wanu,
Sigrun