Chidindo Chozondoka

Osaka,
9 Novembala 2021

Okondedwa achemwali Kazue,

Phukusi la ndere zouma lija ndalandira, zikomo. Mwafunsanso kuti gemu ya pakompyuta imene tikupanga kuntchito ija ituluka liti, poti amayi alengeza kale kwa anzawo onse amene amamira nawo m'nyanja kukatola nkhono kuti mwana wawo wawaika pa kanema. Funso limeneli ndalizemba miyezi iwiri. Lero ndiulule.

Mukukumbuka mkazi ndinakuonetsani pa Chaka Chatsopano uja, mwini nkhani wa gemu yonse. Ndinamujambula poyang'ana amayi: zaka makumi asanu, mapewa otambalala, khungu lopsa ndi mchere, wotha kukhala pansi pa madzi mpaka amuna a m'boti kuyamba kupemphera. Ndinamupatsanso dzina lawo, Fusae. Zaka zitatu ndakhala naye, achemwali, kuposa mmene ndakhalira ndi munthu aliyense mumzinda muno.

Mu Seputembala a Ogasawara, akulu a gulu lathu, anandiitana.

"Chizuru, mayi wakoyu ndi wamphamvu, sitikukana," anatero. "Koma ndani angagule gemu kuti azionera azakhali ake? Mphamvuzo zisiye, ungomubweza zaka. Makumi awiri basi. Chovalachonso chichepeko, anthu ojambulidwa samva kuzizira."

"Nanga mapewawo?" ndinafunsa.

"Uwachepetseko. Ndipo pamapeto pabwere mwamuna adzamuvuule. Osewera amakonda kuthokozedwa."

Ndinakonzeka kukalimbana nawo pamsonkhano, osadziwa kuti anali atayendera kale aliyense payekhapayekha, monga amachitira. Pepala lovomereza kusinthako linandipeza lili ndi zidindo khumi ndi chimodzi za mayina a anzanga, pamalo panga pokha pali mbee. Kukana kudinda sindikanatha, ndiye ndinachita zomwe amachita amantha akafuna kuoneka olimba mtima: ndinadinda chozondotsa, kuti aliyense aone kuti mtima wanga suli pamenepo. 

A Ogasawara analiyang'ana pepalalo n'kuseka. "Watopa eti? Mpaka dzina lako laima ndi mutu." Analiika mufayilo n'kufunsa ngati ndadya kale. Chozondoka kapena choongoka, chidindo ndi chidindo.

Chimene chikundiwawa koposa ndi ichi: ntchito yosinthayo anandipatsa ine, ndipo ndaigwira bwino. Manja angawa alibe manyazi. Mtsikanayo ndi wokongola, aliyense akuyamikira, ndipo dzina lija akana kulichotsa, ati likumveka lachikale mokoma. Mwezi wa mawa zithunzi zake zidzadza m'masitima, dzina la amayi lili pansi pake. Ndinalingalira zosiya ntchito, koma kulikonse ndapita kukafunsa malo, pakhoma ndapeza mtsikana yemweyo, tsitsi lokha ndiye losiyana. Ndatopa, achemwali, ndipo sindikuona kolowera.

Chaka Chatsopano chino sindibwera, munene kuti ntchito yachuluka. Moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwaletse kulowa m'madzi kukazizira chonchi, bondo lija silinapole. Akafunsa za Fusae wa mu gemu, chonde musawaonetse chithunzi. Muwauze kuti anamira, sanatulukenso. Zimenezo azimvetsa, anataya kale anzawo motero.

Ine mng'ono wanu,
Chizuru